Mfuti ya Gelesomu Mlongoti

1.

Gelesomu Mlongoti, anaitana wapampando.

Alipo, anayankha Nachanza.

Gelesomu Mlongoti sanalipo. Anali kumanda, ndipo udzu wa pamtumbira pake unali utapsa ndi kuphukanso kangapo. Koma Bungwe la Eni Mfuti la kwa Kamphulusa silinkafufuta dzina la munthu chifukwa choti wafa basi. Wapampando, a Zefaniya, ankati bungwe likamafufuta maina limaonda, ndipo boma silimvera bungwe loonda. Choncho mwamuna akamwalira, mkazi wake ankabwera kumsonkhano pansi pa mkuyu, kukhala kumbuyo kwa abambo, kudikira dzina la malemu ndi kuliyankhira. Akatero ankatha kubwerera kukapalira.

Nachanza, wamasiye wa Gelesomu, ankadana nalo liwu limeneli. Likangotuluka m'kamwa mwake msana unkamuzizira, ngati wina wabwera kudzaima kumbuyo kwake.

2.

Chuma cha bungwe chinali ichi:

limu ya galimoto yoimbira belu,

mbendera yomwe kale inali nsalu ya patebulo,

wapampando wa zala zitatu kudzanja lamanja, zinazo zinadyedwa ndi mfuti yawo yomwe, koma musawafunse,

nyimbo imodzi,

ukali wambiri.

Mfuti ndiye linalibe. Chaka china anthu a boma anabwera ndi lole, nasonkhanitsa mfuti zonse za gogodera, zija zothira onga kukamwa, m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, ati zikutha nyama. Anakazitsekera m'chipinda china kuboma. Abambo anatsala ndi misomali pakhoma, njovu zinatsala ndi minda. Bungwe linabadwa chaka chomwecho ndi mfundo imodzi yokha, yomwenso inali nyimbo yake: mfuti ibwerere kwawo.

3.

Tsiku la lole lija akazi ena analira pothandiza amuna awo. Nachanza anapita kuseri kwa khola la mbuzi, naluma chitenje kuti kuseka kwake kusamveke.

Gelesomu sankamenya mkazi. Anthu ankamuyamikira pa chimenecho. Iye akapsa mtima ankatsitsa mfuti pamsomali, kuipukuta bwinobwino, kuigoneka pamphasa podyera, kukamwa kwake kutaloza Nachanza, n'kusamba m'manja. Modekha. Mchere mwathira bwino lero, mayi a Lufeyo, ankatero, chala chikusisita kachitsulo kowombera kaja. Nachanza anaphunzira kumeza osatafuna. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lufeyo, anakulira pamphasa imeneyo, maso ali pa dzanja la bambo ake.

Mfuti itapita, Gelesomu anafota ngati nkhwani wa dzulo. Anamwalira ndi chifuwa, pogona pake, monga munthu wina aliyense. Nachanza analira kulira kokwanira kuti anthu asamunene.

4.

Lufeyo tsopano ndi bambo wa ndevu zake. Anatenga mkazi chitengwa, Velina, mwana wa kutsidya kwa dambo, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Amakhala m'nyumba ya malemu, Nachanza anasamukira m'kanyumba ka pambali.

Msomali uja ukadalipo. Lufeyo amaupaka mafuta a njinga kuti usachite dzimbiri.

Tsiku lina masana Nachanza analowa kukabwereka lichero, nawapeza awiriwo akudya. Pamphasa, pakati pawo, panagona mpini wa khasu, wopukutidwa bwino, mutu wake utaloza Velina.

Ndiwo zakoma lero, anatero Lufeyo, osayang'ana amayi ake.

Dzanja. Dzanja linali la Gelesomu, mpaka kapindidwe ka chala.

Mpini suwomba, anadziuza Nachanza potuluka, lichero ataliiwala. Lufeyo anasiyana ndi bambo ake pa chinthu chimodzi: iye ankamenya, ndipo akayamba sankadziwa polekera. Munthu wotere mukamupatsa mfuti sadikira kumaliza kudya. Nachanza anadziwa tsiku limenelo kuti mfuti ya Gelesomu ikadzangolowanso pakhomo pano, Velina adzatuluka ali m'bokosi.

5.

Tamverani a Zefaniya, mbendera ili m'manja, thovu lili m'mbali mwa kamwa:

Abale anga tisanamizane njovu ilibe layisensi koma imalowa m'munda mwanga nthawi yomwe yafuna nguluwe ilibe chitupa koma imakumba chinangwa changa ngati tinalimira limodzi ndiye ine Zefaniya munthu wa zidzukulu ndizigogoda chitini ngati mwana wa sukulu ya mkaka pamene mfuti yanga ikudyedwa ndi chiswe kuboma mfuti imene anasula amalume anga ndi manja awo boma linali kuti poisula ati mfuti imapha anthu ndani wa inu anaonapo mfuti ikutsika yokha pamsomali kutsegula chitseko kupita kukapha munthu palibe ndiye tipita kuboma akatibweza tipitanso akatseka chitseko tidzera pazenera tipita amoyo ndi akufa omwe pakuti anzathu agona kumandaku sanafe ndi chifuwa ayi anafa ndi manyazi ofera m'nyumba yopanda mfuti ndiye ndikuti mfuti ibwerere kwawo

Ibwerere, anavomera abambo.

Ibwerere, inayenda milomo ya Nachanza, mawu osatuluka.

6.

Nachanza anawapeza a Zefaniya pachigafa akumanga fodya. Anagwada pataliko.

Alamu, ndabwera ndi pempho, anatero Nachanza. Dzina la malemu lija mulichotse.

A Zefaniya anaika fodya pansi. Mwati bwanji, alamu?

Munthu uja anafa. Ndatopa kumudzutsa mwezi ndi mwezi.

Manda ake anakumba ndani?

Bungwe.

Bokosi ananyamula ndani? Chaka chatha njovu zitaswa mpanda, anachezera kumunda kwanu ndi zitini ndani, mpaka munakolola?

Bungwe.

Ndiye lero mukufuna timuike mnzathu kachiwiri? Ayi, alamu, musatichititse manyazi. Pitani mukapume, mutu wakuwawani. Mfuti ya Gelesomu ibwera, ndipo mwayi wake anasiya mwana wamwamuna woilandira.

Nachanza akanatha kunena za mpini uja. Koma mayi amanena bwanji kwa munthu wapadera kuti mwana amene anamubereka yekha, amene anamutafunira mtedza ali wosamera mano, ndi chilombo? Anati zikomo, nadzuka.

Pamsonkhano wotsatira dzina linaitanidwa.

Alipo.

7.

Chomwe chinkamutonthoza Nachanza n'chakuti bungweli linali lolephera, ndipo kulephera kwake kunali kokoma. Abambo ankavala majekete a kumaliro, kukwera njinga, kupita kuboma ndi nyimbo.

Ulendo wina: bwana ali kumsonkhano.

Ulendo wina: bwana apita kumaliro.

Ulendo wina: bwana alipo ndithu, koma a Zefaniya anayambira nkhani pa amalume awo, ndipo asanafike pa njovu nthawi yoweruka inakwana.

Ulendo wina: sanafike n'komwe, pakuti panjira panali masese.

Abambo anagwa mphwayi, nayamba kujomba. Nyimbo ija inkaimbidwa ndi anthu oti angakwane pa ngolo imodzi, ena mwa iwo osamva. Belu likalira kunkabwera agalu. Nachanza ananenepako pang'ono. Ankapemphera poyera kuti bungwe lilimbe, ndipo chamumtima ankauza Mulungu kuti asamvere.

8.

Kenako kunabwera akazi.

Osati amasiye okha. Akazi a amuna amoyo, amuna ojomba aja. Anabwera awiriawiri, osacheza panjira, nakhala kumbuyo kwa mipando yopanda anthu. A Zefaniya akaitana dzina la bambo yemwe ali kumowa, yankho linkachokera kumbuyo, losakweza. Alipo. Alipo. Alipo.

Nachanza anawayang'ana:

wina wa diso lotupa,

wina wa dzino loguluka, yemwe ankati anagwa pamjigo,

wina wa mkono womangidwa ndi nsanza,

wina wapakati, yemwe ankakhala chammbali ngati nthiti sizikumulola,

ndi Velina, kumapeto kwenikweni, mpango utafika m'maso.

Awatuma, anaganiza Nachanza. Amunawa aulesi kuyenda okha, atuma akazi kuti akawapemphere chowaphera.

Wakuuzani ndani kuti muzibwera kumsonkhano, Nachanza anafunsa mmodzi wa amayiwo atakumana naye pachigayo.

Tangomva, anayankha mayiyo, maso ali pa ufa.

Msonkhano ukatha sankabalalika. Ankawazungulira a Zefaniya ndi mafunso. Onga amathira wochuluka bwanji, abambo? Amagogodera ndi chiyani? Ikanyowa imawomba? Poigwira amaitsamiritsa pati kuti isakubweze? A Zefaniya anakondwa ngati mwana wolandira malaya a Khirisimasi. Anatenga ndodo, naonetsa zonse ndi zala zawo zitatu, kubwereza ndi kubwerezanso. Mwaona, anauza madoda otsalawo, amayi athu akufuna adziwe mavuto a amuna awo.

Palibe mkazi anaseka. Ankangogwedeza mitu ngati ali kusikelo akumva za katemera.

9.

Kuboma anapita wapansi, akazi a midzi yonse ya m'mbali mwa nkhalango, a Zefaniya ali kutsogolo ndi mbendera, akupuma movutikira. Nachanza anapita nawo, pakuti wamasiye wa bungwe sakana ulendo wa bungwe.

Sanaimbe. Nyimbo ija anaiyamba a Zefaniya okha, naisiya pakati. Akaziwo anakhala pansi pabwalo la ofesi, miyendo itatambasulidwa, dzuwa likuswa mtengo. Makanda kumsana sanalire. Ogwira ntchito anasuzumira pamazenera, natseka makatani, natsegulanso. A Zefaniya anayamba kuitana maina, amoyo ndi akufa, ndipo pa dzina lililonse liwu la mkazi linkayankha kuchokera m'gulumo, osadziwika kuti ndi la uti.

Zii.

Alipo.

Zii.

M'mawa mwake anabweranso. M'mawa mwa tsiku linalo anabweranso. Mlonda wa pageti anapempha tchuthi, ati akumva mawuwo ngakhale ali kwawo.

10.

Ine abambo akabwera kuno ndimadziwa chomwe akufuna, anatero bwana wa kuboma atatuluka pakhonde, akupukuta thukuta m'khosi. Akufuna nyama. Koma inu amayi mwasiya ntchito zanu, mwayenda mtunda wonsewu, mwapsa ndi dzuwa ndi ana kumsana. Ndaona kuti njovu zakusautsani zedi. Mayi sangapemphe chinthu choti chikamupweteke pakhomo pake. Mfuti zibwerera, zotetezera minda, zolembedwa bwino. Dzina likaitanidwa wapakhomo ayankhe ndi kulandira. Yopanda woiyankhira ikwera lole kubwerera kuno.

A Zefaniya analira misozi yeniyeni. Zaka zonsezi, ankatero, zaka zonsezi.

Akazi anadzuka, nakutumula fumbi m'zitenje, nayamba ulendo wakumudzi. Palibe analulutira.

11.

Iwe Nachanza, unayenda ulendo wonsewo wobwerera osamva minga. Unayankha nawo pabwalo paja. Liwu lako linali m'gulu la mawu amene anatulutsa bwana pakhonde. Udzanamizira ndani?

Nachanza anamupeza Velina akuyanika mphale pamkeka.

Mwananga, anatero Nachanza monong'ona, manga nsalu zako upite kwa amako. Lero lomwe. Zotsalazo ndiyankha ndine.

Ndipite kukatani, amayi?

Ukakhale moyo.

Ndinapitako kale, anayankha Velina, dzanja likusalaza mphale. Ankhoswe anandibweza, ati ndikapirire. Anamwetulira ndi mlomo wong'ambika womwe unali usanapole. Musadandaule, amayi. Zitha.

Lufeyo anatulukira pakhonde, akuvungula m'mano. Amayi, Loweruka lole ikubwera. Ine sindingaonekere pamaso pa aboma, mlandu wanga wa kumowa uja sunathe. Mukanditengere. Dzina la bambo likaitanidwa muyankhe mokweza, osati zanu zija zong'ung'udza.

Chabwino, mwananga, anatero Nachanza.

Yopanda woiyankhira ikwera lole. Mawu a bwana aja anawasunga pansi pa lilime ngati mchere. Chinatsala chinali chophweka: kutseka pakamwa. Lufeyo adzamukalipira, mwina adzamukankha, bungwe lidzamusala, njovu zidzadya chimanga chake anthu akuonerera. Zonsezo anazilola. Moyo wake wonse anali katswiri wokhala chete, ndipo kwa nthawi yoyamba luso limeneli linali ndi ntchito.

12.

Loweruka. Kutentha.

Mfuti anaziyala pa tenti pansi pa mkuyu ngati nzimbe pamsika. Zinkanunkha dzimbiri ndi mkodzo wa makoswe. Ya Gelesomu Nachanza anaizindikira asanafike pafupi, chifukwa cha mphira wa njinga womwe malemu anakulunga pogwirira. Inamuzindikiranso. Anamva choncho ndithu, ndipo sanadzitsutse.

Abambo ambiri anali atayamba chikondwerero mbandakucha, moti pofika masana anali atagona m'mithunzi kumowa. Maina anaitanidwa, akazi anayankha, akazi analandira. Mulu unkachepa.

Gelesomu Mlongoti, anaitana a Zefaniya.

Nachanza anayang'ana nyerere yomwe inkakwera chala chake cha kuphazi.

Gelesomu Mlongoti.

A Zefaniya anakweza maso. Alamu, anatero motsitsa, mwagona? Msana wa Nachanza unazizira monga mwa masiku onse, koma lero kuzizirako kunakwera mpaka kunkhongo, ngati mpweya wa munthu amene wawerama kuti amve bwino. Analuma lilime mpaka anamva magazi. Munthu wa boma yemwe anabwera ndi lole anawerama, nagwira mfutiyo kuti aibwezere mu lole.

Gelesomu Mlongoti, kachitatu.

Alipo.

Liwulo linachokera kumbuyo kwake. Silinanjenjemere. Velina anadutsa pambali pa apongozi ake, nagwada, nalandira mfutiyo ndi manja awiri.

13.

Panjira yakumudzi Nachanza anamupeza Velina pafupi ndi dambo, namugwira mkono.

Mwananga, bwera nayo. Pali chithaphwi chakuya kumunsiku, tikaiponyemo, tikanena kuti sinabwere. Usamuope Lufeyo. Ndikamuuza kuti ndine.

Velina anaima. Amayi, anatero, ndinayenda khomo ndi khomo kuti chinthu ichi chibwere. Pamjigo, pachigayo, kuseri kwa tchalitchi, kumaliro a anthu osawadziwa. Lero ndichiponye m'madzi?

Unali iwe?

Abambo aja akanaimba mpaka kufa onse.

Anakutuma ndi Lufeyo.

Ana anuwo sakudziwa kanthu. Ali pakhonde, akudikira. Apha nkhuku.

Pamenepo ndi pomwe Nachanza anayang'ana akazi ena, amene anali kupatukira m'tinjira ta kwawo. Katundu wa mwamuna mkazi amamusenza pamutu, ngati nkhuni. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anasenza. Wa diso lotupa, wa dzino loguluka, wapakati uja, onse anaigwira m'manja, kukamwa kwake kuli kutsogolo.

Velina anakhala pansi m'mbali mwa njira, namasula mfundo ya pachitenje. Munali kabotolo ka onga ndi tizidutswa ta chitsulo. Anathira mosataya, monga amathirira mchere, natenga kamtengo n'kuyamba kugogodera. Go. Go. Go. Kuchokera m'chimanga cha kumanja kunamveka kugogoda kwina. Kumanzere, kutsidya kwa dambo, kwinanso. Mudzi wonse unkamveka ngati tsiku lokonola.

Ndi mwana wanga, anatero Nachanza. Mawuwo anatuluka okha, ndipo anadabwa kuti akupweteka chonchi. Ndili naye mmodzi yemweyo.

Ndikudziwa, amayi. Inunso mumandikonda, ndinaona lero, munakhala chete chifukwa cha ine. Velina anadzuka, nakutumula fumbi, naika mfuti m'khwapa. N'chifukwa chake ndikukupatsani mpata wotsogola. Ine ndiyenda pang'onopang'ono.

Miyezi yonseyi Nachanza anali akuopera mwana wa eni.

Anathamanga. Nkhalamba ya mawondo owuma, chitenje chikumasuka, mpango utatsala pamunga, anathamanga njira ya kwawo akukuwa dzina la Lufeyo, osadziwa choti akamuuze akamupeza, kuti athawe kapena agwade. Kumbuyo kwake mapazi a Velina ankamveka pa masamba ouma, osafulumira, osaima.